Dokotala Wathu wa ku Tocamacho

Yadira Güity anali mwana woyamba wa m'mudzi mwathu mwa Tocamacho kusankhidwa kukaphunzira udokotala ku Tegucigalpa, likulu la dziko lathu. Fizi inkalipiridwa ndi bungwe lina la mpingo, lomwe linkathandiza ana ochokera kumidzi yopanda madokotala, bola alonjeze kudzagwira ntchito kwawo. Chakudya ndi lendi tinkamupezera ife amayi a gulu lophika buledi wa chinangwa. Tinkapsa manja pachiwaya osadandaula, poti kwathu kuno wodwala amayenda ulendo wautali pabwato kuti akaonane ndi dokotala.

Atatsala pang'ono kumaliza, Yadira anangotulukira pakati pa teremu, ataonda. Anatipeza tikusenda chinangwa m'shedi.

"Amayi anga, bungwe lija latseka," anatero. "Akuti amene ankalithandiza kunja aja asiya."

Tonse tinasiya kusenda, iye n'kupitiriza.

"Koma pali mwini chipatala cholipiritsa mumzinda wa San Pedro Sula. Akuti alipira zotsalazo, ine ndikamugwirire ntchito zaka zisanu ndi zitatu."

"Ndiye ife tinkapserera manjawa kuti ukachize anthu olemera?" anafunsa mayi Teófila, amene mwana wawo anamwalirira m'bwato ali woyembekezera.

"Nanga nditani, azakhali? Ndibwerere ndi theka la udokotala? Ndizidzakuchizani thekatheka?"

Wina anaseka, koma kuseka kwakeko kunathera panjira.

Tinayesetsa ndithu kusaka ndalama zotsalazo. Kwa ameya anatipatsa khofi ndi mawu okoma basi. Asodzi analonjeza, koma chaka chimenecho nsomba zinavuta. Abale athu a ku New York anatumiza kangachepe. Sizinakwane, ndipo Yadira anavomera za mwini chipatala uja. Tsiku lonyamuka anapita kukatsanzika kwa mayi Teófila, koma iwo anapitiriza kuchapa, osacheuka n'komwe.

Sukulu anamaliza bwino. Masiku ano amabwera akapeza tchuthi, atanyamula katoni ya mankhwala, n'kumayeza anthu pakhonde pa mayi ake mpaka mawu kusasa. Mayi Teófila nawo amakhala pamzere, chifukwa magazi amawathamanga. Yadira akati, "Azakhali, mwadzuka bwanji?" iwo amangoyankha kuti, "Bwino, adokotala," n'kutambasula mkono.

Chaka chino mtsikana wina, Nayeli, wakhoza bwino kwambiri mayeso, ndipo akuti akufuna udokotala. Bambo ake abwera kale kushedi kudzatipatsa moni wautali. Ife amayi a gulu sitinakambiranebe za iye.