Mapazi Asanu Kuchokera pa Mgolo

Nawonga anawerengetsa kachitatu pa chikatoni cha sopo, yankho osasintha: munthu woima mapazi asanu kuchokera pa mgolo wodzaza wonga, ukaphulika, sadzukanso. Mayiyu anakhala zaka khumi akuphulitsa miyala kumgodi, zala ziwiri anazisiya komweko, ndiye wonga ankaudziwa ngati mwana wobala yekha. Masiku ano ankaphulitsa za m'mafilimu.

"Wosewerayo aime mapazi makumi atatu, osati asanu, bwana," anauza mkulu wa filimuyo pabwalo la fakitale yakale pomwe ankajambulira. "Wonga mwanditsiritsawu ukhoza kugudubuza basi."

"Ndiye zimene ndikufunazo! M'nkhani yathuyi Chimphona anapulumuka nyumba itamugwera. Kamgolo aka n'chiyani?"

"Nyumba ija inali ya makatoni, bwana."

Wosewera ngati Chimphonayo anali mlongo wake wa Nawonga, mzime wa kwawo, amene iye ankamubereka kumsana ali khanda. Lero ndevu pepeya, chifuwa ngati chitseko. Mafilimu atatu akumuswera njerwa zabodza pamutu, basi munthu n'kuyamba kukhulupirira kuti khungu lake ndi lachitsulo.

"Achemwali, musandichititse manyazi pagulu," anatero uku akumanga mabatani a jekete lake lachikopa. "Masamu anuwo ndi a anthu wamba."

Anthu wamba! Munthu woti akaona jakisoni amaitana amake!

Bwana uja analanda waya wophulitsira n'kupatsa wamagetsi. Apa Nawonga anadziwa kuti kulankhula kwatha. Anaona mlongo wake akuwerenga mapazi monyang'wa, limodzi, awiri, atatu. Anatola sipanala yaikulu pansi, n'kumuthamangira, n'kumukhoma nayo pabondo ndi mphamvu zake zonse. Kho!

Chimphona anagwa ngati thumba, akukuwa ndi kutukwana zosayenera kumva ana. Alonda awiri anambwandira Nawonga. Wina anamupotokola mkono, wina chibakera pakamwa, dzino n'kuthothoka. Anamukankhira kukhoma akulavula magazi.

"Mfiti iwe! Ntchito yakuthera pompano!" anakalipa bwana. Koma dzuwa linali likupendeka ndipo makamera anali atatchera kale. Antchito anakokera Chimphona patali, n'kumuvula jekete lija, n'kuveka chidole cha utuchi, n'kuchiimika pamapazi asanu pomwe paja.

Wamagetsi anagunditsa mawaya.

Phuu! Nthaka inadumpha. Magalasi onse a fakitale anayoyoka, kamera imodzi chagada, anthu m'makutu kuli ngwee. Chivundikiro cha mgolo chinauluka n'kudula chidole chija m'chiuno, n'kukazikika m'khoma la njerwa. Utuchi unagwa ngati mvula. Theka la jekete linatera pafupi ndi mwini wake, likufuka utsi.

"Zatheka! Mwajambula?" anakuwa bwana uja.

Chimphona anatola chikopacho. Batani lomwe anamanga yekha posachedwa paja linali lidakali pabowo pake, lotentha. Analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anasanza.

Nawonga anafika akudzandira, pakamwa potupa. Ankafuna kumulalatira, mawu anali atawakonza kale, koma misozi inamutsogolera.

"Achemwali," anatero mlongo wakeyo ndi kamawu kakang'ono kakale kaja, "sindingathe kuyenda. Ndiberekeni."

Nawonga anagwada n'kumupatsa msana. Mlongo wakeyo anali wolemera zedi, koma anali wamoyo, akupuma.