Matenda a Mayi Angati

"Mungolemba kuti anadwala kanthawi kochepa," anatero amayi aakulu, akukankhira kapu ya tiyi kwa mtolankhani ngati kuti tiyiyo ndiye atseke nkhani.

Mtolankhaniyo, mtsikana wochepa thupi wa magalasi okhuthala, anangoisiya kapuyo pomwepo. Anayang'ana bambo a pakhomopo, amene chiikireni maliro a akazi awo ankangokhala pampando n'kumayang'ana zikhadabo zawo. Kenako anayang'ana Chisamba, mwana wamkazi woyamba wa malemuwo, amene anali chiimire pakhomo la kukhitchini atapinda manja.

Malemuwo anali wofufuza za umoyo pa sukulu ya ukachenjede. Atolankhani ankawatcha Mayi Angati, chifukwa ukawaimbira foni kuti akatswiri ena apeza kuti chakuti chimachiza chakuti, iwo asanakupatse n'komwe moni ankafunsa kuti kafukufukuyo anachitikira pa anthu angati. Ambiri ankawaopa, komabe ankawaimbira, popeza mayiwo ankatha kutenga lipoti lonenepa ngati njerwa n'kulifotokoza mpaka munthu wogulitsa tomato n'kumva. Zaka zambiri ntchito yawo inali pa khansa ya khomo la chiberekero. Pa wailesi, m'nyuzipepala, paliponse, uthenga unali umodzi: amayi, pitani mukayezetse isanakule.

Khansa yomweyo ndiyo inawatenga. Iwo eni anali asanayezetsepo.

Nyuzipepala inkafuna nkhani ya moyo wawo tsiku lomwelo, ndipo mtolankhani anabwera kudzapempha chilolezo chotchula matendawo. Amayi aakulu, mkulu wawo wa malemu, anakanitsitsa. Anati anthu adzaseka, adzati mayi uja ankalalikira zimene iye sankachita, ndipo ntchito ya zaka zonsezi idzangopita m'madzi. Anawonjezera, akutsitsa mawu, kuti pali ena a pakamwa poyabwa amene akamva za matenda a kumeneko amayamba kuloza chala mwamuna.

Chisamba analibe nazo ntchito zimenezo. Mumtima mwake munali mkwiyo umene ankachita nawo manyazi. Munthu amene ankadziwa chiwerengero cha amayi osayezetsa m'dziko lonse analephera bwanji kudzipezera m'mawa umodzi wokha?

"Alembe," anatero. "Anthu adziwe kuti amayi anatipusitsa tonse."

"Iwe, amako amenewo. Pakamwa apo."

Mtolankhani anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'mphepete mwa bulauzi. Anapempha kuti anene kanthu kamodzi, kenako achita chilichonse chimene banja linene. Anati atangoyamba ntchito analemba nkhani ya mutu wakuti amayi ambiri sayezetsa chifukwa cha umbuli, ndipo anadziona ngati katswiri. M'mawa mwake foni inalira. Anali Mayi Angati. Anamuitanitsa ku ofesi, anamukhazika pansi, n'kumuwerengetsa kafukufuku wawo tsamba ndi tsamba mpaka njala inamupweteka. Mwa amayi amene iwo anacheza nawo, ambiri ankadziwa zonse. Ankangoti ndipita mwana akachira, ndipita apongozi akatuluka m'chipatala, ndipita mwezi wa mawa. Ndipo ukawafunsitsa, pansi pa zifukwa zonsezo pankapezeka mantha.

"Anandiuza kuti, usadzanyozenso munthu wamantha m'nyuzipepala, chifukwa akawerenga amabisala kuposa kale. Ine ndinkaganiza kuti akunena za amayi a m'lipotimo. Ntchito imene ndikudyera lero anandiphunzitsa ndi iwowo, ndipo sindingalembe zowanyoza. Komanso bodza pa iwo, dzanja langa likukana."

Kenako bambo anakhosomola, ndipo onse anatembenuka, poti mawu awo anali atasowa.

Anati akazi awo ankaopa ngakhale jakisoni. Tsiku lina anawaperekeza okha mpaka pageti pa chipatala, mayiwo n'kunena kuti aiwala za msonkhano wofunika, galimoto itembenuke. Iwo anaitembenuza. Ananena zimenezi akuyang'ana pansi, ndipo Chisamba anaona kuti bambo ake akhala akusenza okha katundu ameneyu. Mkwiyo wake unayamba kusungunuka, m'malo mwake munalowa chisoni.

Amayi aakulu anali atagwira pakamwa. Atachotsa dzanja, mawu awo anali ena.

Anati chaka china mng'ono wawoyo anafika kwawo m'mamawa osanena, n'kuwauza kuti avale, akupita kukagula nsapato. Nsapato zake zinakathera pabenchi ya kuchipatala. Iwo anakalipa njira yonse, koma analowa, ndipo atawayeza anawapeza ndi kachilonda kongoyamba kumene, n'kukathana nako. Malemuwo anachita chimodzimodzi ndi alamu awo, ndi mayi wochapa zovala, ndi azimayi a kwaya, aliyense ndi bodza lakelake. Eni akewo ankatsala panja pabenchi, atakumbatira chikwama cha wolowayo pamiyendo, n'kumamuuza kuti usaope, chikwama chili ndi ine.

"Ine ndinkangotuluka n'kulandira chikwama changa. Sindinamufunsepo kuti nanga iwe ulowa liti. Ndikupuma lero chifukwa cha iye, ndiye ndimati ndimutchinjirize, anthu asamuseke." Anapukuta m'maso ndi chikhatho. "Lembani, mwanawe. Mutchule matendawo. Mulembenso kuti mkulu wake ali moyo, ngwonenepa, ndipo akuthokoza."

Mtolankhani anayang'ana bambo. Bambo anagwedeza mutu kuvomera. Mtsikanayo anamwa tiyi wozizira uja mpaka kumaliza, anathokoza, n'kuthamangira basi.

Chisamba anayamba kutolera makapu. Amayi aakulu ankamutsatira ndi maso, kuchoka patebulo kupita kusinki, kuchoka kusinki kubwerera patebulo.

"Iwe unapitako?"

Chisamba anatsegula mpopi kwambiri. Anati kuntchito kwachuluka zochita, komanso panali matenda a amayiwa, ndiye mwina mwezi wa mawa. Atamva mawu akewo anasiya kulankhula, kapu ili m'manja.

Amayi aakulu anadzuka, mawondo akulira. Anatseka mpopi, anatenga chikwama cha Chisamba chimene chinali pampando, n'kuchikoleka paphewa pawo pamodzi ndi chawo.

"Bambo, tibwerekeniko makiyi a galimoto," anatero. "Tikupita kukagula nsapato."