Beti wa kwa Tolliver

Odessa Pettaway anali akumanga duku kumutu pamene Bernadine, wophika wamkulu, anamukuwira ali pambaula kuti alendo a tebulo la pawindo akhala kale pansi. Odessa sanafulumire. Anamanga epuloni, nakonza siketi yake yofika m'mapazi, kenaka anayatsa kandulo. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pa ntchito imodzi zimamuphunzitsa munthu kuti mlendo wanjala sathawa.

Nyumba yodyeramo ya kwa Tolliver inali m'tauni yakale ya ku Virginia, ndipo chimene inkagulitsa kwenikweni sichinali chakudya, koma chaka cha 1774. Antchito onse ankavala zakale n'kumalankhula zakale, ndipo lamulo lalikulu linali lakuti pamaso pa mlendo usadziwe kalikonse ka masiku ano. Mafoni ankatsekeredwa m'kabati poyamba ntchito, osawaonanso mpaka poweruka. Aliyense anali ndi dzina lantchito lotengedwa m'mabuku akale a nyumbayo. Azungu anapatsidwa mayina a eni nyumba ndi ana awo. Odessa, pokhala wakuda, anapatsidwa dzina la Beti, kapolo amene analembedwa m'bukumo pakati pa miphika ndi akavalo. Chaka choyamba dzinalo linkamuwawa. Pofika chaka chachisanu linkangomuyabwa. Tsopano linali ngati nsapato yakale, sankalimvanso.

Ndi ntchito ya Beti yomweyo imene Odessa analerera mwana wake mmodzi yekhayo, Corinne, mpaka kumaliza maphunziro a zamalamulo. Corinne anali atatomeredwa ndi mnyamata wachizungu, Garrett Ashby, ndipo Lamlungu likudzalo makolo a mnyamatayo ankayenera kubwera kunyumba kwa Odessa kudzaonana naye koyamba. Tsikuli linali Lachisanu.

Odessa analowa m'chipinda chodyera kandulo ili m'manja. Pa tebulo la pawindo panali anthu anayi: bambo wonenepa waimvi, mayi wochepa thupi wamagalasi, Garrett, ndi Corinne.

Odessa anaima. Garrett, amene anadyapo kangapo kunyumba kwa Odessayo, anayamba kudzuka pampando pakamwa patatseguka kale. Corinne anamukoka malaya n'kumukhazika pansi, kenaka anaweramira pepala la zakudya n'kumaliwerenga ngati muli mayeso.

Odessa anadikira. Sanadikire nthawi yaitali, mwina kupuma katatu. Liwu limodzi lokha likanakwana, koma silinabwere. Chodabwitsa n'chakuti sanamve kuwawa kulikonse. Anangochita dzanzi, monga umachitira mwendo ukaukhalira, ndipo pakamwa pake panayamba kugwira ntchito pokha.

"Takulandirani, mabwana ndi madona, m'nyumba ya mbuyanga Tolliver. Ine ndine Beti, ndikutumikirani madzulo ano."

Bambo Ashby anawomba m'manja. Anali munthu wokonda mbiri yakale, wa mtundu uja wowerenga chikwangwani chilichonse cha m'msewu n'kumakonza amene anachilemba. Popanda wowafunsa anafotokoza kuti abwera msanga dala kuti adzadye pamalo pano, ndipo iwo sanawauze anawo kumene akupita mpaka galimoto itakhotera m'tauni.

Mwambo wa kwa Tolliver unali wakuti wantchito amange nsalu yaikulu m'khosi mwa mlendo aliyense, monga ankachitira akale poteteza malaya. Alendo ankaukonda mwambowu kuposa chakudya chenichenicho. Odessa anayamba ndi bambowo, kenaka mayiwo, kenaka Garrett, amene anali atafiira mpaka m'makutu. Atafika pa Corinne anakweza tsitsi lake pang'ono. Kachipsera ka pamene anagwa panjinga ali mwana kanali pomwepo, pansi pa khutu lamanzere. Anamanga mfundo yosathina ndi yosalekerera. Corinne anathokoza motsitsa mawu, maso ali m'mbale yopanda kanthu.

Bambo Ashby anali atalowa kale m'sewero. Anafunsa za msonkho wa mfumu ya ku Mangalande, Beti anayankha. Anafunsa ngati nkhondo ibwera, Beti anati zimenezo n'za akuluakulu. Kenaka anatsamira pampando n'kusisita mimba.

"Nanga iwe Beti, mbuye wakoyo amakusunga bwino?"

"Amandipatsa chakudya ndi pogona, bwana. Zotsalazo akudziwa ndi Mulungu."

Yankho limeneli analemba ndi akuluakulu a pamalopo, ndipo analiyeza bwino kuti mlendo aganize pang'ono koma chakudya chisamutsamwe. Bambo Ashby anagwedeza mutu mwachifundo, naitanitsa supu wa mtedza, nkhuku yootcha ndi chigumu. Kenaka anatembenukira kwa Corinne n'kunena kuti amayi ake aja, ophunzitsa mbiri yakale aja, akanakhalapo akanasangalala kwambiri. Corinne anati inde, akanasangalaladi. Umo ndi mmene Odessa anadziwira ntchito yabodza imene mwana wake anamupatsa kwa apongozi akewo.

Kukhitchini Bernadine anali ataona zonse kudzera pa kawindo koperekera mbale. Anali mayi wapakamwa, ndipo chipande chinali chili m'manja.

"Si Corinne wathu wakhala apoyo? Uja ndinkamubisira chigumu m'thumba la epuloni?"

"Ndi yemweyo."

"Wakupatsa moni?"

"Waitanitsa supu."

Bernadine anaika chipande pansi. Anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo, ndipo ngati sukulu ya zamalamulo siphunzitsa zimenezo, iye apita yekha akamuphunzitse pamaso pa apongozi akewo. Anati kamtsikana kameneka kanachitira homuweki pa thumba la mbatata m'khitchini momwemo, lero kaiwala fungo la utsi. Atatopa kulalata anatsitsa mawu n'kunena kuti angathe kupempha wantchito wina atenge tebulolo. Odessa anakana. Anati mlendo ndi mame, maola awiri si chaka.

"Iwe, ukulankhula ngati akubaya jakisoni ya kwa dokotala wa mano," anatero Bernadine. "Lira, kapena utukwane. Usandiopseze chonchi."

Odessa anafunafuna m'chifuwa mwake choti alire nacho, koma munali zii. Anangonyamula mbale zinayi za supu n'kutuluka.

Nkhuku isanafike patebulo, Corinne anauza anzake kuti akukasamba m'manja. Anawapeza amayi ake m'kanjira kopita kukhitchini, pafupi ndi mulu wa nkhuni.

"Amayi, ndinakutumizirani mauthenga asanu ndi awiri. Ndinaimbanso."

"Ukudziwa kumene foni imagona."

"Ndikanawauza zoona, Amayi. Ndimafuna akudziweni kaye monga munthu."

"Monga munthu," anabwereza Odessa, osati mokwiya, koma ngati akuwerenga chikwangwani.

Corinne analankhula mofulumira, akucheukacheuka. Anati ntchitoyo sachita nayo manyazi, akudziwa bwino chimene chinamulipirira sukulu. Koma angakhale bwanji moyo wake wonse patebulo limodzi ndi apongozi amene anayamba kuwadziwa amayi ake ali kapolo wa epuloni? Anati bambo amenewo sadzaisiya nkhaniyo, adzaikamba paukwati anthu n'kumaseka, adzaikambiranso adzukulu. Odessa anamvetsera, ndipo anaona kuti mwanayo sakunama. Bambo Ashby analidi munthu woti angachite zimenezo ndi mtima woyera.

"Muno muli mdima, ndiponso mwavala duku," anatero Corinne. "Lamlungu mukadzavala diresi lanu lobiriwira lija, tsitsi mutakonza, sadzakuzindikirani. Chonde, Amayi."

Odessa anafuna kunena kuti n'zosatheka, munthu amene wammanga nsalu m'khosi ndi manja ako sangakuiwale m'masiku awiri. Koma zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zinali zitamuuza zina. Mlendo amaona duku, epuloni ndi kandulo. Kangati iye anaima pamzere m'sitolo kumbuyo kwa anthu amene anamukumbatira Beti masana omwewo, iwo osamucheukira n'komwe?

"Bwerera," anatero. "Akudabwa."

Chakudya chinayenda monga chimayendera. Woimba vayolini anadutsa patebulo, Bambo Ashby anaimba nawo mosokoneza. Garrett sanadye kwenikweni, ankangosuntha nkhuku m'mbale, ndipo nthawi iliyonse Odessa akamuthirira chakumwa ankathokoza kawirikawiri mpaka amayi ake anamufunsa ngati akudwala. Pomaliza Mayi Ashby anapempha chithunzi. Apanso panali lamulo: Beti ayenera kudabwa ndi kabokosi kamatsenga, n'kufunsa ngati sikamuba mzimu. Odessa anadabwa monga mwa masiku onse, alendo anaseka monga mwa masiku onse. Anaima pakati pa awiriwo, dzanja la Bambo Ashby lili paphewa pake. Wojambula anali Corinne.

Loweruka lonse Corinne anaimba foni kanayi. Odessa anayankha kamodzi, nafunsa ngati apongoziwo amadya tsabola.

Lamlungu anadzuka m'mamawa. Anaphika nkhuku, masamba osakaniza ndi nyama yankhumba ndi mbatata zotsekemera, nayala nsalu yoyera imene ankaisungira Khirisimasi. Anavala diresi lobiriwira lija. Alendo atagogoda anatsekula yekha chitseko, dzuwa la masana likumuwomba kumaso.

"Awa ndi amayi anga," anatero Corinne.

Kunena zoona, Odessa anali ndi kachiyembekezo kamodzi kobisika, koti mmodzi wa iwo achite tsinya n'kunena kuti nkhope iyi si yachilendo. Nkhaniyo ikanatha yokha popanda wopereka mnzake. Bambo Ashby anamugwira chanza ndi manja awiri, namuyang'ana m'maso, n'kunena kuti akhala akulakalaka tsiku limeneli. Mayi Ashby anati tsopano aona kumene Corinne anatengera maso okongolawo.

Atakhala pansi, nkhani ya Lachisanu sinachedwe. Bambo Ashby anati munthu wa mbiri yakale ngati Mayi Pettaway sayenera kufa asanadye kwa Tolliver, ndipo akapita akafunse tebulo la Beti. Anayeserera ndi mawu a Beti omwe, dzanja lili pachifuwa. Mayi Ashby anapisa m'chikwama, natulutsa foni, n'kumupatsa Odessa kuti adzionere yekha.

Odessa anavala magalasi ake owerengera. Zithunzi za Beti zinali zambirimbiri m'mafoni a anthu dziko lonse, koma iye anali asanachiyang'anitsitsepo ngakhale chimodzi. Anaona mayi wa duku loyera, mapewa atagwa, akumwetulira ndi mano okha. Anakweza maso. Corinne ankayang'ana pansi, Garrett ankayang'ana pawindo.

"Akuoneka wotopa mayiyu," anatero Odessa.

"Ayi, anali wansangala kwabasi," anayankha Mayi Ashby. "Zimachita kuonekeratu kuti ntchito yake amaikonda."

Odessa anabweza foni n'kunena kuti chakudya chapsa. Corinne anadzuka msangamsanga n'kumutsatira mpaka pakhomo la khitchini, misozi ili lengelenge. Zimene anapempha anali atapatsidwa zonse, ndipo nkhope yake inkaonetsa kuti wayamba kuona mtengo wake.

"Amayi, ndinyamule chiyani?"

Odessa anamuyang'ana mwana wake. Akanakhala ndi mkwiyo akanamupatsa, akanakhala ndi chisoni akanamugawira, koma analibe chilichonse mwa ziwirizi.

"Pita ukakhale ndi abale ako," anatero. "Kuperekera ndimatha ndekha."

Analowa, nakankha chitseko ndi phazi.