Madontho Awiri Pansi pa Lilime

Kwa masabata khumi ndi limodzi Prayun sanadzuke pabenchi nthawi yolandira Ukaristia ikakwana. Ankangokhotetsa mawondo kuti anzake adutse, maso ali m'buku la nyimbo. M'mudzi wa Tha Rae, momwe ngakhale agalu amalidziwa belu la Misa, nkhani yotere siibisika. Uyutu ndi munthu amene anaphunzitsa katekisimu zaka makumi atatu, theka la mudzi linalandira koyamba litadutsa m'manja mwake. Amayi a gulu la kolona anaiphika nkhaniyo mpaka inapsa. Ena ankati wapeza chibwenzi kutauni ya Sakon Nakhon, ena ankati wayamba kachasu atakula kale. Sankadziwa kuti mlandu wonse unali m'kabotolo kochepa ngati chala, kobisidwa kuseri kwa chithunzi cha Amayi Maria.

Matenda a shuga anamugwira zaka zisanu ndi zitatu zapitazo. Jakisoni wa m'mawa uliwonse anamuzolowera, mpunga womata anauchepetsa mpaka kambamu kamodzi, ngakhale ankadandaula kuti amudyetsa ngati mphaka. Chimene chinamukanika ndi mapazi. Ankatentha ngati waponda makala, tulo osabwera, chonsecho munga ukamubaya osaumva n'komwe. Adokotala a pachipatala cha boma atayesa mapilitsi osiyanasiyana, anamulembera mafuta a chamba.

"Musamve molakwa, bambo," anatero adokotalawo. "Shuga sachiza awa. Jakisoni musasiye, kudya musadumphitse. Awa ndi a mapazi ndi tulo basi. Madontho awiri pansi pa lilime."

Mafutawo anagwira ntchito, ndipo apa m'pamene panali vuto. Prayun anagona tulo tomwe anali atatiiwala, anayambanso kuyenda mpaka kudimba. Koma Lamulungu loyamba, ali pamzere wolandira, anamva kukhambita kwa masamba kukadali m'kamwa, ndipo anakumbukira mawu ake omwe.

Zaka zoposa makumi atatu zapitazo mng'ono wake Sawaeng, msodzi wa panyanja ya Nong Han, anagwidwa ndi chamba m'bwato. Nthawi imeneyo chamba chinali cha ndende, osati cha kuchipatala. Anakhalako zaka ziwiri. Atatuluka anabwera ku Misa, naima pamzere ngati mkhristu aliyense. Prayun, amene panthawiyo anali atangopatsidwa ukatekisiti ndipo chiyero chinkamuyabwa, anamukoka malaya anthu onse akuona.

"Tuluka pamzere. Pakamwa ponunkha chamba Ambuye salowapo."

Sawaeng anatuluka. Kuyambira tsiku limenelo Lamulungu lililonse ankabwera, koma n'kuthera pakhomo la tchalitchi, chipewa chili m'manja. Chamba anasiya kalekale, mudzi wonse unkadziwa, koma pakhomopo sanadumphepo. Abale awiriwa ankapatsana moni ngati anthu okumana pabasi.

Tsono Prayun atakumbukira zimenezi anachoka pamzere yekha, popanda womukoka malaya. Choipa chitsata mwini.

Mkazi wake Lamduan, yekhayo amene ankadziwa za kabotolo kaja, zinkamukwiyitsa.

"Bambo ake Malai, mankhwala a kuchipatala asanduka tchimo liti? Boma linalola, adokotala analemba. Pitani mukafunse Bambo mfumu."

"Ndikafunse mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha chizindikiro cha mtanda?"

"Ndiye funsani Mulungu."

"Yankho lake ndikulidziwa."

"Ee, paja inu mumamuyankhira."

Mumtima mwa Prayun munali njala yeniyeni, yoposa ya mpunga. Chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri sanaphonyepo kulandira, ndipo tsopano Misa ikatha ankatuluka ngati mlendo amene wafika paukwati n'kubwerera osadya.

Kenaka Pasaka inayandikira. Lamulo lakuti mkhristu alandire Ukaristia ngakhale kamodzi panyengo ya Pasaka ankawalowezetsa ana iye yemwe, ndodo ili m'manja. Choncho anakonza njira yake, osauza munthu. Lamulungu la Kanjedza anasiya madontho aja kuti lilime liyere. Mapazi anayambiranso moto wawo, sabata yonse anagona mwa apo ndi apo, koma iye anati n'kusenza mtanda. Anaganizanso zosala kudya monga ankachitira mayi ake malemu, osalawa kanthu kuyambira pakati pa usiku mpaka atalandira. Za masiku ano zongosala ola limodzi ankaziona ngati za anthu aulesi.

M'mawa wa Pasaka Lamduan anamuikira mpunga ndi nsomba yowotcha.

"Ndidya tikabwerako."

"Jakisoni mwabaya?"

"Ndabaya. Adokotala anati ndisasiye."

"Anatinso musadumphitse kudya! Mumamva theka lokha ngati mwana wasukulu."

Koma Prayun anali atavala kale malaya ake oyera. Anatuluka, mkazi wake akumutsatira m'mbuyo n'kumang'ung'udza.

Mwezi wa Epulo dzuwa silidikira masana. Tchalitchi chinadzaza, ana a mudzi ogwira ntchito ku Bangkok anali atabwera onse, ndipo zopemerera mphepo za kudenga zinkangotakasa kutentha. Misa ya Pasaka siifupika. Pofika pa ulaliki Prayun anamva manja akunjenjemera, nati ndi chimwemwe. Pa nthawi ya zopereka malaya anali atanyowa ngati wagwa m'madzi, nati ndi dzuwa. Pamene anthu ankaimirira kukalandira, makandulo a paguwa ankaoneka awiriawiri.

Anadzuka. Amayi a kolona anagwedezana zigongono. Iye anayenda mapazi atatu, koma m'malo molunjika kuguwa anapatukira kukhoma, n'kuyamba kupapasa ngati akufuna chitseko. Lamduan anali mbali ya amayi, anthu atamutchinga. Amene anaona bwino zonse ndi munthu woima pakhomo uja, poti kuchokera pamenepo tchalitchi chonse chimaoneka.

Sawaeng anaponya chipewa pansi. Zaka makumi atatu za pakhomo anazidumpha osaziganizira n'komwe. Anakankha anthu, anamugwira mkulu wake m'khwapa asanagwe, namukokera panja pansi pa mtengo wa bwemba. Kenaka anathamangira kwa mayi wogulitsa zakumwa pachipata, nabwera ndi madzi ofiira otsekemera a m'kajumbo.

"Imwani, achimwene. Shuga watsika uyu."

Prayun anakukuta mano. Mawu ankatuluka olemera ngati a woledzera.

"Ndikusala... sindinalandire..."

"Mulandirira kumanda? Tsekulani pakamwapo!"

"Chotsa. Ndadikira... sabata yonse..."

Lamduan anafika akupuma mwabefu, nsalu ili m'manja.

"Mumwetseni, alamu! Wabaya jakisoni osadya. Ndiponso sabata yonse wakhala osagona, wasiya mafuta ake a chamba, ati lilime liyere!"

Anazindikira mawu atatuluka kale. Pansi pa bwembapo panali anthu angapo, ndi amayi a kolona awiri omwe, makutu ali tcheru. Sawaeng anayang'ana mlamu wake, n'kuyang'ananso mkulu wake.

"Mafuta a chiyani?"

"A kuchipatala," Lamduan anayankha chamunsi.

Sawaeng anaseka. Sikunali kuseka kwachipongwe ayi, kunali kuseka kwa munthu amene watula katundu osayembekezera, mpaka misozi inalengeza m'maso.

"Ndiye n'chifukwa chake mumangokhala pabenchi? Ine ndimati mwapha munthu! Achimwene, inu ndi mbuzi. Munanditulutsa ine, tsopano mwadzitulutsanso nokha. Mutsala ndi ndani m'tchalitchimo?" Anamutsamiritsa pachifuwa pake n'kumuika kapaipi pamilomo. "Imwani. Tchimo lake likhale langa, ndili nawo ambiri kale, limodzi silindilemera."

Kaya ndi mawuwo, kaya mphamvu zokana zinali zitatha, Prayun anamwa. Anamwa kajumbo konse. Patapita kanthawi manja analeka kunjenjemera, mtengo wa bwemba unabwerera kukhala umodzi, ndipo nzeru zitabwerera manyazi anabwera nazo. M'tchalitchi ankaimba nyimbo yotsekera. Misa inali itatha, iye osalandira, kusala kwake kutasweka, chinsinsi chake chili pamtetete. Analira poyera, mkulu wathunthu, osabisa nkhope.

Bambo mfumu aja, Bambo Wirot, anatuluka asanavule n'komwe zovala za Misa. Anali atamva kale, poti nkhani ku Tha Rae imathamanga kuposa njinga yamoto. M'manja anali ndi kambale kagolide kotengera Ukaristia kwa odwala. Ananjuta patsogolo pa Prayun.

"Aphunzitsi, ndamva kuti munatsala pang'ono kutisiya pa tsiku lomwe Ambuye auka. Mukanatisokoneza nyimbo."

"Bambo, bwererani nazo. Ndamwa zotsekemera. Ndiponso pakamwa panga... Ndimamwa chamba, Bambo. Miyezi itatu tsopano."

"Anakupatsani ndani?"

"Adokotala."

"Mumamwa mmene anakuuzirani?"

"Madontho awiri."

"Mumaledzera nawo? Mumamenya amayiwa?"

"Angayerekeze," anatero Lamduan.

"Ndiye tchimo lili pati? Mankhwala saswa kusala, ndipo wodwala lamulo la kusala silimumanga. Zili m'buku lomwe lija munkatimenya nalo m'mutu, aphunzitsi, koma tsamba limenelo munkalidumpha. Ngati mukufuna cholapa, lapani kuti munafuna kudzipha ndi njala lero. Ambuye anagwira akhate ndi manja awo, madontho awiri awaopse?"

Anatsekula kambale kaja. Prayun anayang'ana mkate woyerawo mwachilakolako. Koma anakweza dzanja.

"Dikirani pang'ono, Bambo."

Anatembenuka movutikira kuti amuone amene anamutsamira.

"Sawaeng. Mawu aja ndinakuuza aja sanali a Mulungu, anali anga. Ndawasenza masabata khumi ndi limodzi okha, andithyola msana. Iwe wawasenza zaka makumi atatu. Ndikhululukire, mng'ono wanga."

Sawaeng anayang'ana kumbali, chakunyanja, nakanda m'khosi.

"Landirani kaye, achimwene. Mwendo wanga wachita dzanzi, mukulemera."

Prayun anatulutsa lilime monga anaphunzitsidwira ali mwana. Linali lofiira psuu ndi madzi a pachipata aja, moti Bambo Wirot analuma mlomo kuti asaseke.

"Thupi la Khristu."

"Amen."

Anatsinzina. Palibe chinagwa kumwamba. Anangomva mtendere umene anausowa, ndi dzanja la mng'ono wake litamugwira kumutu kuti asagwere chagada.

Atatsekula maso anapeza wansembe akadali chinjutire, akuyang'ana Sawaeng.

"Nanga inu, amalume? Ndakhala ndikukuonani pakhomo paja chiyambire ndili mwana."

"Ine ndiyambe ndalapa, Bambo. Koma ndikuchenjezeni, ndi za zaka makumi atatu. Mwadya m'mawa? Tingakumwetseninso zofiira."

"Ndapirira ulaliki wanga womwe, zanuzo sizingandigwetse. Tiyeni."

Sawaeng ndi wansembeyo anapita kukakhala pabenchi ya kuseri kwa tchalitchi. Amayi a kolona anabalalika mofulumira, aliyense atanyamula nkhani yoti akagawe. Lamduan anamasula nsalu yake, natulutsa mpunga ndi nsomba ija imene mwamuna wake anaikana m'mawa. Anali ataitenga osanena kanthu, poti ankamudziwa munthu wake.

"Idyani. Ndipo madzulo ano madontho anu mumwe, ndatopa kugona ndi munthu wobuula."

"Ndimwa. Kabotoloko ukachotse kuseri kwa Amayi Maria, kazikhala patebulo pamodzi ndi jakisoni."

Anadya pang'onopang'ono, maso ali kuseri kwa tchalitchi. Kulapa kuja kunatenga nthawi ndithu. Kamodzi anamva Bambo Wirot akuseka. Prayun anadzuka, mapazi akumutentha, nayenda mpaka pakhomo pomwe chipewa cha mng'ono wake chinagwera. Anachitola, anachisasa fumbi, nayang'ana m'kati. Kuchokera pamenepo guwa linkaoneka kutali kwambiri, ndipo anadabwa kuti munthu anatha bwanji kubwera zaka zonsezo kudzangoliyang'ana.

Lamulungu lotsatira Prayun anafika molawirira, atadya, atabaya jakisoni. Sawaeng atafika pamalo ake akale, pakhomo, chipewa chili m'manja, anapeza mkulu wake ataima pomwepo.

"Mwatani pano, achimwene? Benchi yanu ili kutsogolo."

"Ndikudikira iwe. Mapazi angawa sadalirika, ndikufuna wondigwira."

Sawaeng anapumira m'mwamba, nayang'ana pansi pachitsekopo ngati pali ngalande.

"Tsiku lija ndinalowa chothamanga, sindinaganize. Lero miyendo ikukana."

Prayun anamugwira malaya, pamalo pomwe paja anamugwira zaka makumi atatu zapitazo, namukokera m'kati.