Kona ya Adalaivala

Chiwadulireni mwendo wakumanja, adalaivala anali asanakalipiridwepo ndi munthu aliyense. Zimamveka ngati mwayi, koma dikirani zikuonekereni. Akataya tiyi patebulo, mwana wawo wamkazi, amene ankawasunga, ankangoti, "Palibe kanthu, bambo," n'kuthamangira kansanza. Akatukwana wailesi, nyumba yonse inkangoti zii ngati m'chipatala. Munthu amene anakalambira pamsewu, akukangana ndi amakaniko, olongedza katundu ndi madalaivala anzake, tsopano ankapambana mkangano uliwonse asanauyambe n'komwe. Zimenezi zinkawapweteka kuposa balalo. Sankafuna zambiri ayi. Ankangofuna kuti anthu aziwawerengeranso ngati munthu wina aliyense, woti akalakwa n'kuuzidwa m'maso muli gwa kuti walakwa.

Thiraki yawo inagubuduzika pamtsetse mabuleki atakana, ndipo ntchito inathera pomwepo. Kuyambira pamenepo ankangokhala pawindo la pabalaza, ndodo zawo zoyendera zitatsamira khoma, akumvetsera mathiraki odutsa pamsewu waukulu n'kumadzudzula okha madalaivala osintha giya mochedwa.

Mkamwini wawo anali wokonza mafiriji, munthu wofatsa mpaka kutopetsa. Loweruka lililonse ankasowa pakhomo n'kubwera madzulo ali mbuu ndi fumbi, chifukwa ankapita ku mpikisano wa timathiraki toyendetsa ndi rimoti. Tsiku lina anatulutsa kathiraki kake kakale kofiira, kopalikapalika, n'kukaika patebulo.

"Bambo, ndimati mwina mungayeseko aka."

"Akamwini, ine ndayendetsa zilombo zogwedeza milatho, ndiye lero mukundipatsa chidole?"

"Ndi chidoledi, bambo. Koma chimathamanga."

Anakasiya pomwepo n'kupita kuntchito. Adalaivala anakayang'ana ndi diso loipa m'mawa wonse. Podzafika masana anali atakatembenuza chagada, akuona mmene anamangira masipuling'i, akupukusa mutu ngati kawalakwira.

Rimotiyo inali ngati kamfuti. M'mbali mwake munali kachiwongolero kochepa ngati chotsekera botolo, ndipo pansi pake panali kachitsulo kokoka ndi chala. Ukakokera kwa iwe, thiraki imapita. Ukakankha, imagwira buleki. Zophweka, eti? Adalaivala ankaganizanso choncho, mpaka kathirakiko kanakawomba chidebe cha zochapa kuseri kwa nyumba. Thiraki yeniyeni umaimva m'matako ndi m'msana isanaterereke, koma apa panalibe chomva, maso okha basi. Choipitsitsa chinali chakuti kakatembenuka n'kumabwera kwa iwo, kumanja kunkasanduka kumanzere. Manja amene sanasokonezekepo pamsewu ankakalowetsa m'maluwa a mwana wawo, n'kukatulutsa, n'kukalowetsanso momwemo.

"Musalimbane ndi liwiro, bambo," anatero mkamwiniyo madzulo ena, ataima chapatali mwaulemu. "Ongoyamba kumene sagonja chifukwa choyenda pang'onopang'ono. Amagonja chifukwa chogubuduzika."

"Zimenezo mukuuza ine?"

Mkamwiniyo anazindikira mochedwa zimene wanena. Koma adalaivala anaseka, kuseka kwenikweni kotulutsa misozi, ndipo mwana wawo anasuzumira pawindo la kukhitchini kuti aone chachitika n'chiyani.

Anadzaphunzira okha kachinsinsi kake. Ankadziyerekezera kuti achepa n'kulowa m'kathirakimo, akhala pampando, akuona bwalo kudzera pagalasi lakutsogolo. Akatero, manja ankadziwa okha kolowera. Anandandalika mabotolo pabwalo n'kumawazungulira mpaka batire kutha. Kachitsulo kogwira tayala katathyoka, anakasintha okha ndi sikuludilaiva, ndipo girisi anabwereranso m'zikhadabo zawo. Sanafulumire kusamba m'manja tsiku limenelo.

Mpikisano unkachitikira kuseri kwa nyumba ina yakale yosungiramo katundu. Bwalo lake linali la dothi, njira yokhotakhota yotchingidwa ndi mapaipi apulasitiki, yokhala ndi timitunda todumphira. Oyendetsa ankaima pansanja ya matabwa kuti aziona bwalo lonse. Wapampando wa gululo, bambo wamimba yake wokhala ndi chimkuzamawu m'manja, anasonkhanitsa ongoyamba kumene n'kuwafotokozera malamulo. Lalikulu linali limodzi: ukamaliza kuyendetsa, umatsika pansanja, kuvala jekete yonyezimira, n'kukaima pakona. Thiraki ya mnzako ikagwa chagada pa mpikisano wotsatirawo, umathamanga n'kukaitembenuza.

"Koma inu bambo musavutike nazo," anatero wapampandoyo, akuyang'ana ndodo zija. "Akamwini anuwa akuimirirani."

"Lamulolo ndi la ndani?" anafunsa adalaivala.

"La aliyense woyendetsa."

"Ndiye ine ndabwera kudzatani kuno?"

Wapampandoyo anayang'ana mkamwini, mkamwini anayang'ana nsapato zake. Nkhani inathera pomwepo.

Makwerero a nsanja anawakwera okha, thukuta lili kamukamu, akukana dzanja lililonse. Pamwamba anatsamira chimtengo chotchinga, n'kupanikiza ndodo m'khwapa. Wapampando ataliza wezulo, ongoyamba kumene onse anafinya moto mpaka kumapeto, monga amachitira ongoyamba kumene kulikonse, n'kukaunjikana pakona yoyamba, matayala ali m'mwamba. Kathiraki kofiira kanafika pambuyo, kanazungulira mulu wonsewo mosapupuluma, n'kupitirira. Timitunda sikankadumpha, kankangokwera n'kutsika. Othamanga ankakapitirira, n'kukagwa kutsogolo, iko n'kuwadutsanso. Sikanapambane, koma kanamaliza pakati pa gulu kasanagwepo n'kamodzi komwe.

"Madala, inu mumayendetsa ngati mwanyamula mazira," anatero wokonza magetsi wina amene anaima pambali pawo, amene thiraki yake inathera m'mapaipi.

"Koma mazirawo afika, achimwene. Anu ali kuti?"

Nsanja yonse inafa nako kuseka. Mtima wa adalaivala unkagunda ngati wa mnyamata, ndipo anali osangalala kwambiri moti anachita mantha nacho chisangalalocho.

Anatsika n'kuvala jekete yonyezimira. Wapampando anawapatsa kona yakutali, yotakasuka, imene mathiraki sankagwerapo kawirikawiri. Anaona chinyengocho koma anapitabe. Kona ndi kona basi. Anaima pamenepo, ndodo zitazikika m'dothi, maso ali pa njira.

Mpikisano wotsatirawo unali wa akatswiri, ndipo timathiraki tawo tinkalira ngati mavu. Patsogolo panali kobiriwira ka mayi wina wometa tsitsi, wodziwika ndi pakamwa pake. Chakumapeto, pofuna kuthawa amene ankamulondola, mayiyo analowa pakona ya adalaivala ndi liwiro lonse. Tayala linakhudza paipi, kathirakiko kanauluka n'kugwa chagada cha pakati pa njira, masitepe ochepa chabe kuchokera pamene anaima.

Dzuwa linali m'maso mwa oyendetsa, ndipo kuchokera pansanja mayiyo ankangoona jekete yonyezimira yosasuntha.

"Iwe wapakona iwe!" anakuwa. "Wagona? Tembenuza msanga, ukundiluzitsa!"

Mawuwo anawafika adalaivala ngati madzi ozizira pakhosi louma. Iwe! Anali ataiwala kukoma kwake. Anaponya ndodo patsogolo, anadumpha, anaponyanso. Ndodo yakumanzere inatera pa paipi n'kuterereka, ndipo anagwa chafufumimba m'fumbi, chibwano chili pansi. Ululu unakwera kuchokera pabala mpaka m'mutu. Koma kathirakiko kanali pafupi. Anakwawa ndi zigongono, anatambasula dzanja, anakagwira kumsana n'kukaimika pa matayala ake, katayang'ana kolondola.

"Pita!" anakuwa. "Pita!"

Sikanapite. Anayang'ana ngati waya wina wazuka, koma zonse zinali m'malo mwake. Kenako anamva kuti bwalo lonse lili chete. Wapampando anali ataimitsa mpikisano. Timathiraki tonse tinali titaima pamene tinali, ndipo anthu ankathamangira kwa iwo, akulumpha mapaipi.

Woyamba kufika anali mkamwini wawo, amene anawagwira m'khwapa n'kuwadzutsa ngati mwana, akungoti, "Pepani bambo, pepani bambo." Wina anawasasa fumbi pamalaya. Wina anatola ndodo. Wokonza magetsi uja, amene posachedwapa ankawaseka, tsopano ankawafunsa ndi mawu otsika ngati akufuna madzi akumwa. Wapampando anawavula jekete ija pang'onopang'ono, akuwauza kuti kulakwa n'kwake, ndipo kuti kuyambira sabata yamawa azingoyendetsa basi, zapakona aziwasiyira ena.

Mayi wometa tsitsi uja anafika pomalizira, rimoti idakali m'manja. Anagwada m'fumbi momwemo.

"Bambo, ndikhululukireni. Sindinaone kuti ndi inu. Ndikanadziwa, sindikanakukalipirani."

Adalaivala anamuyang'ana, n'kuyang'ananso nkhope zina zonse zowazungulira. Munalibe woipa mtima ngakhale mmodzi, ndipo n'chimene chinawawawa. Anadziwa kuti ngakhale atabwera kuno Loweruka lililonse mpaka imfa, palibe adzawakuwirenso kuchokera pansanja paja.

"Mayi," anatero, "thiraki yanu ndinaitembenuza. Bwanji simunapite?"

Kumbuyo kwa mayiyo, munthu wina anali akubwera kale ndi mpando.