Homuweki ya Dayisi

Ndinagawira ana a Fomu 2 dayisi imodziimodzi kuti akaiponye kunyumba maulendo 60, akulemba nambala iliyonse yomwe yatuluka. Pa pepala, nambala iliyonse imayenera kutuluka maulendo khumi. Ndinkafuna aone okha kuti dayisi siwerenga mabuku.

M'mawa mwake, ana atandibwezera dayisi zija, Kulusumu analowa m'kalasi diso litatupa, mlomo utang'ambika. Pambuyo pake panali bambo ake, a Zubairu, atanyamula mpini wa khasu.

"Ndinu amene mukuphunzitsa mwana wanga njuga?"

"Iyayi, bambo, ndi masamu."

"Masamu amenewa ndimawadziwa. Anyamata a pa siteshoni ya Nkaya amawachita kuseri kwa mabogi. M'nyumba mwanga ndi haramu, chipembedzo chathu chimaletsa."

Ndinatambasula dzanja kuti ndiwaonetse kope la mwanayo. Mpini unatsikira pomwepo, ndipo ndinamva chala changa chikuthyoka. Ana ena anatulukira pa mawindo.

"Tiye," anatero a Zubairu akumukoka Kulusumu. "Sukulu yathera pano."

Mtsikanayo anagwira chitseko osachisiya, ngakhale anamuwomba mbama kawiri. Ndi amene ankakhoza masamu kuposa onse.

"Musiyeni aphunzire," ndinatero. "Dayisi zonse ndizitaya inu mukuona."

Anandiperekeza mpaka ku chimbudzi. Ndinaziponyamo ndi dzanja lamanzere, iwo akusuzumira. Kenako anapita okha, Kulusumu n'kubwerera pa desiki yake.

Mutu wa masamuwo ndinaumaliza ndi nyemba zofiira ndi zoyera m'thumba, ana akupisamo atatsinzina. Palibe kholo lomwe linabwera kudzadandaula.