Dima la m'Munda wa a Gbaa

Tarhemba sanali munthu wopusa. Izi ziyenera kunenedwa poyamba, chifukwa anthu a m'mudzi mwa a Tyokase akamafotokoza nkhaniyi amayamba ndi kuseka, mpaka womvera kuganiza kuti mnyamatayo analibe mutu. Mutu anali nawo. Chimene analibe ndi chizolowezi chofunsa.

Ankafuna kukwatira Sewuese, mwana wa a Tyokase, ndipo Sewuese sankamukana. Atapita ndi amalume ake kukaonekera, a Tyokase sanachulutse mawu. Anati mkamwini amadziwika ndi khasu lake, choncho abwere ndi anzake Lachinayi adzaunde nthumbira za zilazi m'munda mwawo mvula isanalimbe. Anaonjeza, akuyang'ana kumbali, kuti kuli mnyamata wina wa njinga yamoto amene masiku ano sakutha sabata osabwera kudzawazonda.

Pobwerera, amalume ake anamufunsa ngati mundawo akuudziwa. Tarhemba anati akuudziwa bwino lomwe, ndipo sananame dala. Chaka chathacho, popita ku msika wa ku Adikpo, anamuona Sewuese katatu konse akupalira m'munda wa m'mbali mwa njira, pomwe pali mtengo wa mango, ndipo katatu konse tcheni cha njinga yake chinkagwera pomwepo. Chimene sanachiganize n'chakuti akazi amapalira mosinthana, lero kwa uyu, mawa kwa uja. Munda wa pa mangowo unali wa a Gbaa.

A Gbaa ankadwala msana. Unawayamba zaka zisanu zapitazo, ndipo unali msana wodziwa nyengo: mvula ikamayandikira unkauka, pa ukwati ndi pa gule unkagona. Mundawo ankautokosa okha ndi mlongo wawo, mayi Kwaghdoo, wamasiye, amene pa msinkhu ankaposa mayi ake a Tarhemba.

Lachinayi dzuwa likungotuluka, Tarhemba anafika pa mango paja ndi anzake khumi ndi awiri, makasu pamapewa, woimba ng'oma ali patsogolo. Anaima mzere n'kuyamba. Dothi linali lofewa, nyimbo inali kuvomerezeka, ndipo Tarhemba ankaunda nthumbira zofika m'chiuno kuti apongozi akabwera asowe chonena.

Amene anabwera ndi a Gbaa, atamva ng'oma. Anaima m'malire, dzanja lili pamsana, akuyang'ana anyamata achilendo akutembenuza munda wawo. Ena amati akanalankhula pomwepo. Eni ake mpaka lero amati anadabwa kwambiri moti mawu anakana kutuluka. Tarhemba anaganiza kuti ndi mbale wa a Tyokase amene watumidwa kudzayang'anira ntchito, choncho anasiya khasu, n'kuwagwadira powapatsa moni. Apa ndiye mawu anatuluka.

"Mukugwira bwino, ana anga," anatero a Gbaa akukhala pansi pa mango. "Koma kumunsi uko, kuli chulu uko, musakusiye."

Sanakusiye.

Dzuwa litafika paliwombo, nyimbo inayamba kuzirala. Mwini dima amabweretsa mowa wa mapira thukuta loyamba lisanaume, koma apa ngakhale madzi sanaoneke. Orngu, mnzake wa Tarhemba wapakamwa, anafunsa ngati apongoziwo chakudya amaphikira pa dzuwa. Tarhemba anati akuluakulu amayesa anthu m'njira zambiri. A Gbaa anavomereza kuti zimenezo n'zoona, n'kuloza kachigawo kena kamene kanatsala.

Atangounda nthumbira yomaliza, panjira panatulukira a Tyokase, Sewuese ali pambuyo. Iwo anali atakhala m'munda mwawo, kuseri kwa chitunda, kuyambira m'mawa, ndi mitsuko itatu ya mowa, zilazi zosinja ndi nkhuku ziwiri zophika, akumvetsera ng'oma imene inkamveka bwinobwino koma osayandikira.

Tarhemba anapukuta nkhope n'kugwada, mtima uli m'malo. Sewuese anayang'ana munda wonse, n'kumuyang'ana iye.

"Mwalima bwino, achimwene," anatero. "Nanga munda wa bambo anga mudzalima liti?"

Tarhemba anamva njinga yamoto ija ikulira m'mutu mwake. Anatembenukira kwa a Gbaa. A Gbaa anali atatanganidwa ndi nyerere ina pa bondo lawo. Orngu anaponya khasu pansi n'kunena kuti naye ali ndi munda, ndipo palibe amene amalima kawiri chifukwa cha mkazi mmodzi, wa mwini wakenso. Enawo anavomereza.

Nthawi imeneyo ndi imene mayi Kwaghdoo anafika, akuchokera kumtsinje. Anatula ndowa, anayenda pang'ono pakati pa nthumbira, ndipo Sewuese atawanong'oneza zimene zachitika, sanaseke. Anakumbutsa anthu, ndi mawu odekha, kuti mwamuna akabwera ndi ng'oma ndi makasu m'munda wa khomo lina, ndiye kuti wafunsira mkazi wa pakhomopo. Pakhomo pa a Gbaa mkazi analipo mmodzi.

"Ndavomera," anatero.

"Mayi, pepani, ine..." anayamba Tarhemba.

"Dzulo ndiye ndinali mayi."

Anyamata aja anagwa nazo pansi kuseka, ndipo Orngu anapempha kuti akhale woyamba kugwira chanza mlamu wake. Mayi Kwaghdoo anadikira kuti phokoso lithe, kenaka anatembenukira kwa mlongo wawo. Anati popeza wofunsira walima, mwini munda adyetse olima, ndipo pakhomo panalibe china chokwanira anthu khumi ndi atatu koma mbuzi ya a Gbaa imene inali m'khola.

Mbuziyo a Gbaa ankaikonda kuposa abale awo ena. Anaimirira msangamsanga, kuiwala kugwira pamsana, n'kunena kuti apa panalibe kufunsira, kunali kusokera chabe, aliyense akuona.

"Ngati n'kusokera, chinthu cha eni chimabwezedwa," anatero mayi Kwaghdoo. "Mawa mutenge khasu, achimwene, mukaunde kwa a Tyokase. Sankhani nokha, mbuzi kapena khasu."

A Gbaa anayang'ana kumwamba, anayang'ana cha kukhola, n'kunena kuti msana uja lero ukumveka ngati wapepukako.

Nthawi yonseyi a Tyokase anali kuyenda okha m'munda. Ankaponda nthumbira ndi chidendene, kupisa dzanja m'dothi mpaka m'chigongono, kuweramira pansi kuona ngati mizere yawongoka. Tarhemba ankawatsata ndi maso. Atabwerera pa mango, anangouza Sewuese kuti aitane amayi ake abweretse chakudya chija kuno, chifukwa mowa ukagona umasasa.

Anyamata anadya ngati amene alimadi. Zilazi zinatha, nkhuku zinatha, mtsuko woyamba unatha. Orngu ali pakati pa chipanda chachitatu, a Tyokase anafunsa mwaulemu ngati kwawo kwa anyamatawo mwambo uli ngati kuno, woti wamwa mowa wa dima amalima munda wa mwini mowa. Orngu anachotsa chipanda pakamwa n'kuyang'ana m'katimo. Munali mutatsala pang'ono. Anamaliza.

M'mawa mwake onse khumi ndi atatu anali kuseri kwa chitunda, wachikhumi ndi chinayi ali a Gbaa, amene anapezeka kuti khasu amalidziwa ndithu. Mayi Kwaghdoo anakhala m'malire kuyang'anira msana. Mvula inagwa madzulo ake, munda utatha.

A Tyokase anamuitana Tarhemba pakhonde, Sewuese ndi amayi ake ali pomwepo. Anati za mnyamata wa njinga yamoto zatha, chifukwa sanaonepo wofunsira wina wolima minda iwiri. Kenaka anayang'ana mwana wawo.

"Kulima amalima," anatero. "Koma munthu uyu asamayende yekha. Mukamapita kumunda, iwe uzikhala patsogolo."

Ukwati unachitika atakolola. Mayi Kwaghdoo anabwera ndi chilazi chachikulu cha m'munda wa pa mango, n'kuchitula pamaso pa mkwatibwi. Mpaka lero akakumana ndi Tarhemba panjira amamufunsa, pamaso pa anthu, chifukwa chimene amuna awo sakubwerera kunyumba.